Ulemu wa kwathu ndi digiri yachiwiri: mawu kwa ophunzira ndi mabanja awo kuno ku Doha



Chaka chilichonse mwezi wa Ogasiti ukamapita kumapeto, dzuwa la dziko lino la Qatar lidakali kuwotcha ngati ng'anjo, sukulu za ukachenjede zimatsegula zitseko, ndipo pakati pa olowawo sipalephera kupezeka mwana wa kwathu. Ena ndi achinyamata amene angotsika kumene ndege atapeza thandizo la maphunziro. Ena ndi anthu akuluakulu, abambo ndi amayi a pabanja, amene usana wonse amakhala pa ntchito m'mahotela ndi m'maofesi a m'nyumba zosanjikizana za ku West Bay, ndipo dzuwa likapendeka amanyamula chikwama kupita kukafuna digiri yachiwiri ija tonse timangoitchula kuti masitazi. Kalata yowalandira ikafika timasangalala nawo, uthenga umafika ku Mzimba, ku Ntcheu ndi ku Mulanje tsiku lomwelo, ndipo pasanathe sabata achibale ayamba kale kumutcha munthuyo "adokotala". Koma ndi angati mwa ife amene amabwereranso mu Novembala kudzafunsa kuti sukulu ikuyenda bwanji?

Ife amene ntchito yathu ndi yothandiza anthu ndi mabanja pa zovuta za moyo timakumana nawo ophunzirawa m'miyezi imeneyo, ndipo kawirikawiri sabwera ndi nkhani ya sukulu. Amabwera ndi nkhani ya kusowa tulo, ya mkangano m'nyumba, ya ngongole, ya mutu wosaleka kuwawa. Tikacheza nawo kwa ola lathunthu m'pamene zimatuluka kuti chimangirizo choyamba chinabwerera ndi malikisi otsika, ndipo munthu amene moyo wake wonse wakhala nambala wani m'kalasi sanauzeko aliyense, ngakhale mkazi kapena mwamuna wake. Maganizo athu, omwe tikudziwa kuti ena sagwirizana nawo, ndi akuti Mmalawi sagwa pa masitazi chifukwa chochepa nzeru. Chimene chimamugwetsa ndi ulemu wathu umene tauika pamalo olakwika, komanso banja limene likusangalalira digiri lisanawerengere maola amene digiriyo idzadya.

Tiyambe ndi ulemuwo. Sukulu imene inatilera tonsefe inali sukulu yoloweza. Aphunzitsi ankalemba notsi pa bolodi, ife tinkakopera m'makope, ndipo wopambana pa mayeso anali uja wotha kubweza pa pepala zimene anapatsidwa, osachotsapo kapena kuwonjezerapo kanthu. Sitikunena izi monyoza aphunzitsi athu ayi. Amene analowa sitandade 1 maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994 akukumbukira makalasi a pansi pa mtengo, ana oposa 100 kwa mphunzitsi mmodzi, buku limodzi kuzungulira mzere wonse. M'kalasi yotero mulibe mpata wotsutsana. Kunyumba nakonso tinaleredwa kuti mwana wa khalidwe sayankha akulu, sawayang'ana m'maso, ndipo akafunsidwa ngati wamva amati "inde" ngakhale asanamve. Buku losindikizidwa tinkalitenga ngati mkulu winanso wa m'mudzi: ilo limanena, ife timamvera. Ngakhale pa digiri yoyamba, wophunzira wokhulupirika ku notsi za aphunzitsi ankatha kudutsa zaka zinayi osatsutsako mfundo ya munthu ndi kamodzi komwe.

Masitazi imatembenuza zonsezi. Mphunzitsi amakupatsani zolemba za akatswiri asanu osagwirizana, nakufunsani kuti mwa asanuwa amene akunena zomveka ndani, ndipo mukutero chifukwa chiyani. Wophunzira wathu amapita kunyumba, amawerenga onse asanu mokhulupirika, nalemba masamba khumi ofotokoza zimene aliyense ananena, mwaulemu, wina pambuyo pa mnzake. Pepala likabwerera amapezapo ndemanga yakuti wangofotokoza chabe, sanaunike, ndipo maganizo ake sakuoneka paliponse. Iye amadabwa: ine ndine yani kuti ndiweruze pulofesa amene analemba mabuku ndisanabadwe? Funso limeneli limachokera mumtima wabwino, koma ndi lomwelo limene limadya malikisi.

Chotilimbitsa mtima n'chakuti luso limene sukuluyi ikufuna tili nalo kale, kungoti sitinaliphunzirire m'kalasi, choncho sitiliwerengera ngati luso. Aliyense amene anakhalapo pa bwalo la mfumu tsiku la mlandu wa malire a munda akudziwa mmene nkhani imayendera. Wodandaula amanena chimene wabwerera. Woyankha amapereka mbali yake. Mboni zimaitanidwa, ndipo nduna za mfumu sizingokhala n'kumagwedeza mitu: zimafunsa kuti munaona ndi maso anu kapena munangomva, munaima pati, chinali chaka chiti, nanga mtengo wa mango uli pamalirepo anadzala ndani. Mboni ya imvi imapatsidwa mpando ndi ulemu wonse, komabe ikanena zosemphana ndi zimene inanena poyamba imakumbutsidwa, mofatsa koma mosabisa. Pomaliza mfumu sibwereza chabe zimene aliyense wanena. Imagamula, ndipo imanena chifukwa chake anthu onse akumva, podziwa kuti wosakhutira akhoza kukasuma kwa agulupu kapena kwa mfumu yaikulu. Chimangirizo cha masitazi ndi mlandu wotero. Akatswiri asanu aja ndi mboni, ndipo wophunzira wakhazikidwa pa mpando woweruzira. Ayenera kufunsa aliyense wa iwo mafunso a nduna aja: kafukufuku wanu munachitira kuti, munafunsa anthu angati, chaka chiti, nanga zimene munapeza ku Ulaya zingagwire ntchito ku Nsanje? Mfumu imene ingati "nonse mwanena bwino" n'kubalalitsa bwalo yalephera ntchito yake, ngakhale itachita zimenezo mwaulemu wotani.

Pali kusiyana kumodzi kumene tiyenera kukuzolowera. Kwathu wolankhula bwino amayamba ndi malonje, amayala miyambi, amazungulira nkhani mpaka omvera atafewa, ndipo mfundo yeniyeni imafika kumapeto ngati ndiwo zobwera nsima itakhala kale pamphasa. Kunena mfundo yako m'chiganizo choyamba kumamveka ngati mwano. Pa zolemba za ukachenjede chigamulo chimabwera patsogolo, umboni pambuyo. Mphunzitsi amene ali ndi mapepala 40 patebulo amafuna kudziwa m'ndime yoyamba kumene mukumutengera. Taonapo ophunzira amene pepala lawo linachira pongotenga ndime yomaliza n'kuiika koyambirira, chifukwa maganizo abwino analimo, anangobisala pa tsamba lachisanu ndi chinayi.

Ena anena kuti tikuchepetsa vuto la chilankhulo, ndipo ali ndi mfundo. Sukulu zambiri zimafuna mayeso a IELTS, kawirikawiri 6 kapena 6.5, ndipo zotsatira zake zimatha mphamvu pakapita zaka ziwiri. Komanso si sukulu zonse za kuno zimene zimaphunzitsa m'Chingerezi chokha: Doha Institute for Graduate Studies, imene inayamba kuphunzitsa mu 2015, imagwiritsa ntchito kwambiri Chiarabu, ndipo abale athu amene anaphunzira Chiarabu ku madarasa a ku Mangochi kapena ku Machinga angatichitire umboni kuti kuwerenga malemba n'kwina, kulemba kafukufuku m'chilankhulocho n'kwinanso. Komabe Mmalawi wofika pa masitazi wakhala akulemba mayeso m'Chingerezi kuyambira ali wamng'ono, ndipo m'kalasi ya kuno, momwe mumakhala anthu ochokera ku Sudan, ku Pakistan, ku Syria ndi ku Philippines, Chingerezi chake sichikhala chotsalira. Zimene taona n'zakuti munthu akamalemba ziganizo zitalizitali zodzaza ndi mawu akuluakulu a m'dikishonale, nthawi zambiri amakhala asanadziwe chimene akufuna kunena. Mankhwala ake ndi otsika mtengo. Musanalembe, tsekani kompyuta, itanani mkazi wanu, mwamuna wanu kapena mnzanu wa m'chipinda, mumufotokozere m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, ndi ziganizo zitatu zokha, kuti pepalalo likunena chiyani. Mawu a Chingerezi amatha kubisa umbuli, pakuti munthu akhoza kuwabwereza osawamva. Chilankhulo cha amayi ako sichilola zimenezo. Mukakanika, bwererani ku mabuku, nthawi yolemba sinakwane.

Ulemu womwewo ndi umene umatiimitsa pakhomo la ofesi ya mphunzitsi. Sabata iliyonse mphunzitsi amakhala ndi maola amene amakhala mu ofesi kudikira ophunzira. Ndi gawo la ntchito yake, ndipo fizi imene munalipira yalipira kale maolawo. Anzathu a mayiko ena amapitako sabata yoyamba yomwe, kukafunsa ngakhale tinthu ting'onoting'ono. Ife timati tisawavutitse abwana, kapena timaopa kuti akaona kuti sitikumva adzadandaula kuti anatilandiriranji. Akale anati safunsa anadya phula, ndipo phula la kuno ndi lodula. Sukulu iliyonse imakhala ndi tsiku lomaliza limene munthu angasiye kosi popanda kulembedwa kuti walephera, ndipo kusiya msanga nthawi zina kumabweza gawo la ndalama. Wophunzira wokhala chete amadutsa tsikulo osalidziwa, nadzagwa mu Disembala, ndalama zitapita ndiponso mbiri ya malikisi itadetsedwa. Kosi imodzi yolephera ikhoza kutsitsa malikisi onse mpaka thandizo la maphunziro kuchotsedwa.

Kufunsa nakonso kuli ndi luso lake. Kupita kwa mphunzitsi n'kunena kuti "sindikumva chilichonse" n'kumupatsa katundu wopanda pogwira. Pitani ndi tsamba limodzi limene mwalemba ndi funso limodzi: mfundo yanga ndi iyi, kodi umboni uwu ukuikwanira? Ndipo pitani m'masabata atatu oyambirira, asanakudziweni ngati munthu wongooneka pa tsiku la mavuto. Amene afika pa thesis aziti akangochoka kwa woyang'anira kafukufuku wawo alembe kalata yaifupi ya pa intaneti yonena zimene agwirizana ndi tsiku lokumananso. Aphunzitsi ndi anthu, amaiwala, amapita kutchuthi, ena amasamukira ku mayiko ena chaka chili mkati. Pa nkhani ya katchulidwe musavutike mtima: kuno kwa Aarabu n'chizolowezi kunena "Dr" n'kutsatiza dzina loyamba, pomwe aphunzitsi ena ochokera ku America amafuna dzina loyamba lokhalo. Kwa ife lilime limalemera kutchula munthu wamkulu choncho, koma mwini wake akapempha, kumukanira ndiko kupanda ulemu.

Za kawerengedwe tinene mwachidule. Nkhani ya kafukufuku siwerengedwa ngati nthano, kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Yambani ndi chidule chija amachitcha abstract, lumphirani ku mathero, kenaka onani njira imene anatsata popeza zimene akunenazo. Pamenepo m'pamene mungadziwe ngati nkhaniyo ikuyenera madzulo anu onse kapena mphindi khumi. Polemba notsi gawani tsamba pawiri, mbali ina mawu a mwini wake ndi nambala ya tsamba, mbali ina maganizo anu. Pulogalamu ya Zotero ndi yaulere ndipo imasunga maina a mabuku ndi kuwandandalika m'njira imene sukulu ikufuna, kaya ndi APA kaya ina. Kuiphunzira kumatenga madzulo amodzi, ndipo ndi bwino kuti madzulowo akhale a mu Seputembala.

Kugawa tsamba kuja kuli ndi chifukwa chachikulu. Ambiri amene amagwidwa ndi mlandu wakuba mawu a ena sanadzuke m'mawa ndi cholinga chakuba. Anakopera ndime mu notsi zawo mu Okutobala, nafika mu Disembala ataiwala kuti si yawo. Enanso amaganiza moona mtima kuti kubwereza mawu a katswiri monga momwe alili ndiko kumulemekeza, monga tinkachitira ndi notsi za aphunzitsi. Pulogalamu ya Turnitin, imene sukulu zambiri zimagwiritsa ntchito poyerekeza zolemba, sidziwa za mumtima. Lamulo lake ndi la pabwalo lomwe lija: ukanena zimene unamva, tchula amene anakuuza.

Koma pali ena amene amachita dala, ndipo tisawabise. Pali olipira munthu kuti awalembere. Chiyambire kumapeto kwa 2022, pamene ChatGPT inatulukira, palinso otuma makina. Sitikunena kuti makinawa ndi oletsedwa paliponse. Kosi iliyonse imakhala ndi lamulo lake, ndipo wanzeru amafunsa mphunzitsi asanayambe. Chimene tikunena n'chakuti thesis imathera pa kuima pamaso pa akatswiri n'kumayankha mafunso, ndipo mboni yochita kuuzidwa zonena imagwa pa funso lachitatu. Kwa mwana wa m'dziko muno kuchotsedwa sukulu ndi manyazi. Kwa ife, amene chilolezo chathu chokhalira muno chamangirirwa pa ntchito kapena pa sukulu, kukhoza kukhala chiyambi cha ulendo wobwerera kumudzi chimanjamanja, ndi ngongole kumsana.

Tsopano tilankhule ndi mabanja, pakuti theka la nkhaniyi lili m'manja mwanu. Tiyeni tiwerengere limodzi. Malamulo a ntchito a dziko lino amalola maola 48 pa sabata, ndipo ambiri ogwira ntchito m'mahotela ndi m'masitolo amagwiradi masiku asanu ndi limodzi. Wophunzira wotenga makosi atatu amakhala m'kalasi maola 9 pa sabata, ndipo chiyerekezo chodziwika n'chakuti ola lililonse la m'kalasi limafuna maola ena awiri owerenga ndi kulemba, kutanthauza maola 18. Pamodzi ndi ntchito akwana maola 75. Sabata ili ndi maola 168. Chotsanipo 49 a tulo, ngati munthuyo akugona maola 7 pa tsiku, mutsala ndi 44, ndipo m'menemo mukhale ulendo wopita ndi kubwera, kuphika, kudya, kuchapa, ana, mapemphero ndi matenda. Amene akuphunzira ndi sukulu za ku Britain awerengere motere: masitazi ya kumeneko imayesedwa maola 1,800, ndipo mukaigawa pa zaka ziwiri ndi maola oposa 17 sabata iliyonse popanda tchuthi. Maola amenewa sagwa kumwamba. Wina m'nyumbamo ayenera kusenza ntchito imene wophunzirayo ankagwira.

Apa tinene mosapita m'mbali kwa abambo anzathu ndi alamu athu. Bambo akayamba masitazi, nyumba yonse imayenda chonyang'ama: ana amauzidwa kuti asasokose, tiyi amafika patebulo, alendo amabwezedwa pakhomo. Mayi akayamba masitazi, amaweruka kuntchito, amapita m'kalasi, amafika kunyumba cha m'ma 9 koloko usiku n'kupeza mphika ukumudikira, yunifolomu ya ana isanachapidwe. Amatsegula buku pakati pa usiku maso akulemera. Akalephera, timati sukulu yamukanika. Bambo amene anajambulitsa chithunzi ndi kalata yolandira mkazi wake n'kuitumiza kwa abale onse, aphunzirenso kuvundula nsima masiku atatu pa sabata, ndipo asadikire kuthokozedwa ngati wachita zachilendo. Kumudzi mayi wotere akanathandizidwa ndi achemwali, azakhali ndi apongozi. Kuno kulibe onsewo, kuli inu.

Tsiku la Lachisanu nalo likufuna kukambirana. Sabata ya ntchito kuno imayamba Lamlungu, ndipo kwa ambiri Lachisanu ndilo tsiku lokhalo lopuma. Asilamu amapita ku mzikiti, Akhristu ku matchalitchi a ku Mesaimeer, kenaka pamabwera nkhomaliro kwa uje, tsiku lobadwa la mwana wa uje, msonkhano wa gulu lakuti. Zonsezi ndi zabwino, ndipo ndi zimene zimatisunga amoyo m'dziko la eni. Koma wophunzira akasowa pa macheza kwa miyezi inayi tisayambe kunong'onezana kuti wayamba kunyada chifukwa cha sukulu. Mawu amenewo amafika, ndipo taona anthu akusiya mabuku n'kupita kukakhala pa phwando mtima uli kwina, pongoopa kutchedwa odzikonda. M'malo momunena, mutengereni ana ake Lachisanu masana kuti apeze maola anayi a bata.

Bata limenelo n'losowa kwa munthu wokhala m'chipinda chogawana ndi anzake atatu, aliyense ndi shifiti yake. N'chifukwa chake timadabwa kuti ambiri a ife sitinapondemo mu Qatar National Library, nyumba yaikulu ya mabuku ya ku Education City imene inatsegulidwa kwa anthu mu 2017. Aliyense wokhala ndi chiphaso cha dziko lino akhoza kulembetsa popanda kulipira, ndipo umembalawo umatsegulanso nkhokwe zambiri za zolemba za akatswiri pa intaneti, zimene munthu angawerenge ali pabedi pake. Kuchokera ku West Bay mumakwera sitima ya mzere wofiira mpaka pa Al Bidda, n'kusinthira ku mzere wobiriwira, umene uli ndi siteshoni yotchedwa dzina la laibulale yomweyo. Mzere wofiira womwewo ukalowera kumpoto umakutulani pa Qatar University. Sitimazi zinayamba kuyenda mu 2019. Amene anaphunzira zisanabwere angakuuzeni ndalama zimene ankatayira matakisi.

Abale a kumudzi nawonso ayenera kuuzidwa zoona, ndipo auzidwe sukulu isanayambe. Anzathu a ku America amatetezedwa ndi kusiyana kwa nthawi, pakuti kumudzi kukamada iwo amakhala ali pa ntchito. Ife tili patsogolo pa Malawi ndi ola limodzi lokha, choncho nthawi imene kumudzi amaliza kudya n'kutenga foni ndi nthawi yomweyo imene wophunzira wathu watsegula buku. Ndipo mafoniwo sakhala a moni chabe. Ndalama ya kuno inamangirirwa ku dola pa mtengo wa ma riyal 3.64, pomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kumudzi zinthu zinakwera, ndipo m'maso mwa achibale malipiro a mwana wawo wa ku Doha anakula osachita kukwezedwa. Mapempho a feteleza, a fizi ya adzukulu ndi a chipatala ndi enieni, sitingawanyoze. Koma wophunzira amene amayankha "inde" kwa onse chifukwa choopa kuoneka wouma mtima amafika pa semesita yachiwiri alibe cholipira, ndipo sukulu imamutsekera kulembetsa. Kunena kwa amalume kuti "kwa zaka ziwiri ndizitumiza zakutizakuti pa mwezi, zoposa apo sindingathe, kupatula pa maliro ndi matenda aakulu" n'kovuta kutuluka pakamwa pa mwana wa kwathu. Komabe amalume ouzidwa mu Ogasiti amakonzekera, pomwe ongoona foni ikusiya kuyankhidwa mu Febuluwale amakwiya, ndipo amakhala ndi chifukwa.

Kwa amene akuganiza zoyamba chaka chamawa, yambani ndi mapepala. Nkhani yovomereza masatifiketi a dziko lina si ya lero: Dr Hastings Kamuzu Banda anamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College ku America mu 1937, komabe kuti aloledwe kugwira ntchito m'mayiko olamulidwa ndi Britain anayenera kukaphunziranso ku Edinburgh, kumene anamaliza mu 1941. Kuno satifiketi ya digiri yoyamba imayenera kudindidwa ndi maofesi a boma a kwathu ndi a kuno, ndipo kawirikawiri amafunanso ndandanda wa malikisi ndi kalata yonena ngati munaphunzira pamaso pa aphunzitsi kapena muli kutali. Kumbukiraninso kuti sukulu zathu zinasintha maina. Bunda inakhala LUANAR, ndipo mu 2021 University of Malawi inagawidwa: Polytechnic inakhala MUBAS, pomwe College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Satifiketi yanu ikhoza kukhala ndi dzina limodzi, kalata yatsopano n'kubwera ndi dzina lina, ndipo kalaliki wa kuno sadziwa mbiri imeneyi mukapanda kumufotokozera ndi chikalata. Amene akukopeka ndi digiri yotsika mtengo ya pa intaneti afunse kaye ngati unduna wa maphunziro wa kuno, komanso National Council for Higher Education kwathu, adzaivomereza. Funsaninso za tsogolo la sukuluyo. Nthambi za mayunivesite akunja zimabwera n'kupita: HEC Paris inayambira mu Tornado Tower ku West Bay konkuno isanasamukire ku Msheireb, UCL inatseka nthambi yake ya ku Doha mu 2020, ndipo Texas A&M inalengeza mu 2024 kuti idzatseka yake pofika 2028. Wophunzira mwapang'onopang'ono chifukwa cha ntchito ayenera kudziwa kuti kosi yake idzakhalapo mpaka iye atamaliza.

Ambiri a ife pofika pa thesis mtima umathamangira kumudzi, ndipo n'zoyenera, pakuti ndi kumene tili ndi maso oona zimene mlendo sangaone. Koma mutu wonga "umphawi m'Malawi" ndi munda wa mudzi wonse woti munthu mmodzi sangaulime m'miyezi isanu ndi umodzi. Sankhani ndime imodzi: boma limodzi, gulu limodzi la anthu, funso limodzi. Ndipo dziwani kuti kufunsa anthu mafunso kwathu kumafuna chilolezo cha mbali ziwiri, cha komiti ya sukulu yanu kuno ndi cha komiti ya ku Malawi. Pa kafukufuku wa za chikhalidwe ndi moyo wa anthu pali komiti ya pansi pa National Commission for Science and Technology, ndipo pa za umoyo pali makomiti akeake. Zilolezozi zimatenga nthawi ndiponso zimalipiridwa, pomwe tchuthi cha wantchito kuno ndi cha masabata owerengeka, ndipo theka lake limathera kuzonda odwala ndi kupepesa maliro amene anachitika iye kulibe. Amene nthawi yamuchepera asachite manyazi kugwiritsa ntchito zimene zinasonkhanitsidwa kale: National Statistical Office ku Zomba ili ndi zotsatira za kalembera wa 2018 ndi za kafukufuku wina wa m'makomo, ndipo zambiri mwa izo zimapezeka pa intaneti munthu ali konkuno ku Doha. Amene akufunitsitsabe kukafunsa anthu pamaso, mafomu a chilolezo awatumize semesita imodzi tikiti ya ndege isanagulidwe.